Mauthenga 214, koma khoma la agogo likadali pansi

Make Tadala, woyang'anira gulu (Lachiwiri, 5:40 m'mawa):
Mwadzuka bwanji abale nonse. Pepani ndilemba zambiri, amene bandulo yakutherani mudzawerenga madzulo.

Dzulo foni yanga inathima kuyambira m'mawa chifukwa magetsi kunalibe. Nditayatsa usiku ndinapeza mauthenga 214 pagulu pano. Mtima unachita phaa, ndimati kwagwa zovuta kuno ku Kawale. Kutsegula, nkhani yake ndi ya Sabata ndi Lamulungu. Kenako ya nkhumba ndi mlamba. Kenako ubatizo wa mumtsinje ndi wothira madzi pamutu. Pofika cha m'ma 9 koloko anthu munali mukutchulana kuti akhungu, Afarisi, ana a Babulo. Awiri atuluka pagulu.

Pakati pa zonsezo, 2 koloko masana, achimwene athu a kabaza analemba mzere umodzi wokha, kuti khoma la agogo aja a kuseri kwa chigayo lagwa ndi mvula ya Lamulungu usiku. Palibe anayankha. Mmodzi anangoikapo kachala koloza m'mwamba n'kubwerera ku nkhumba.

Ndinapitako usiku womwewo ndi tochi. Lagwa ndi khoma la kuchipinda, la zidina lija, mwayi wake linagwera kunja. Malata awiri akungolendewera, mphepo ikawomba akulira. Pobowokapo atchingapo ndi chitenje ndi masaka a feteleza. Ufa umene unali m'ndowa wanyowa, wachita zibuluma, wayamba kale kununkha. Zidzukulu ziwiri zija zinagona pamphasa pabalaza, makope awo a sukulu atawayanika pachingwe ngati zovala. Ndiye agogo akundipatsa kampando n'kunena kuti, "Mwana wa njinga uja wandiuza kuti wandilemba pafoni panu, akuti anthu a Mulungu mukukambirana. Zikomo kwambiri." Ine ndinasowa poyang'ana.

Gulu lino tinaliyambitsa kuti tizithandizana pamaliro ndi pamatenda, ndipo tinadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti timapemphera kosiyana. Paulo polembera Tito, amene anamusiya pachilumba cha Krete, pa mutu 3 vesi 8 ndi 9, anamuuza kuti okhulupirira aike mtima pa ntchito zabwino, koma apewe mafunso opusa, ndewu ndi makani a za malamulo chifukwa n'zopanda phindu. Sindine mlaliki, ndimagulitsa tomato. Koma dzulo vesi limeneli ndaliona ndi maso.

Wakabaza:
Zoona amayi. Ine ndinangoti mwina uthenga wanga sunapite.

Nangozo wa ku Mchesi:
Ine ndinene chilungamo, gululi ndinalitseka pakamwa kalekale. Ndimangolitsegula ndikamva kuti kuli maliro. Bandulo ya masiku ano si yothera kuwerenga anthu akuluakulu akunyozana.

aPhiri amisiri:
Make Tadala, za agogozo zandikhudza, ndipo uthenga wa mnyamatayu sindinauone, ndivomere. Koma musatitseke pakamwa ndi Tito. Choonadi n'choonadi. Kalata ya Yuda vesi 3 imatiuza kulimbanira chikhulupiriro. Paulo yemweyo anamudzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya, pamaso pa anthu. Ndiye ine ndione m'bale wanga akulowera kuphompho, ndikhale chete poopa kuti anthu anena kuti ndine wamakani? Ntchito zabwino ngakhale osapemphera amachita.

Mlaliki wa ku 36:
Amen aPhiri, ngakhale pa za tsiku lija sitigwirizana. Komanso anthu asaiwale kuti munthu sapulumuka ndi ntchito. Aefeso 2 vesi 8 ndi 9. Tikhoza kumanga makoma Kawale yense mpaka ku Chinsapo koma osakalowa kumwamba.

Aphunzitsi a ku Biwi:
Alaliki, mwaima msanga. Pitirizani vesi 10, mupeza kuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anatikonzeratu. Ndipo mu Tito 3 momwemo, vesi 5 ikunena zomwe mukunenazo, kuti sanatipulumutse chifukwa cha ntchito zathu. Mavesi atatu okha kutsogolo, mlembi yemweyo akuti limbikirani ntchito zabwino. Palibe pano wanena kuti khoma la agogo ndi tikiti ya kumwamba.

Tsono aPhiri, nkhani ya ku Antiokeya ndaikonda kuti mwaibweretsa ndinu. Tsegulani Agalatiya 2 muone chimene Petro analakwa. Ankadya bwinobwino ndi Akhristu a mitundu ina. Atafika alendo ochokera kwa Yakobo, anachita mantha n'kuyamba kudzipatula, osakhalanso nawo pa mbale imodzi. Paulo anamudzudzula chifukwa cha kudzipatulako. Ndiye ngati tikufuna kutsanzira Paulo, woyenera kudzudzulidwa ndi amene wanena dzulo kuti sangadye nsima ya pamaliro yophikidwa ndi amayi a mpingo wina. Sinditchula dzina, uthengawo ukadalipo.

Ndipo m'mutu womwewo, vesi 10, akuluakulu a ku Yerusalemu atagwirana chanza ndi Paulo ndi Barnaba, anawapempha chinthu chimodzi chokha: kuti azikumbukira osauka.

aPhiri amisiri:
Za nsimazo sindinanene ndine.

Aphunzitsi a ku Biwi:
Ndikudziwa bambo, n'chifukwa chake sindinatchule dzina.

Nasibeko, namwino:
Ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku, ndiyankhepo ndisanagone. Nthawi ya kolera ija, imene inayamba mu 2022 n'kufika poipa kumayambiriro kwa 2023, mukukumbuka kuti ngakhale sukulu za muno mu Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Dziko lonse tinataya anthu oposa 1,700. Ine ndinali m'tenti ya odwala. Munthu amabwera maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera, mtsempha osaoneka. Pamenepo sufunsa kuti bambo munabatizidwa motani, umangosaka poika diripu. Ndipo amene ankatibweretsera ndowa ndi sopo anali amayi a mayunifolomu osiyanasiyana. A Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati ya Akatolika, onse ankasamba m'manja pa ndowa imodzi ya kolorini.

Zipatala zamishoni zimene timathamangirako, Likuni, Nkhoma, St Gabriel's ku Namitete, Mtengowanthenga, zili pansi pa bungwe limodzi la CHAM, limene linayamba mu 1966, ndipo eni ake ndi Akatolika pamodzi ndi mipingo ina. Chipatala cha Malamulo cha a Seventh Day chili momwemo. Akuluakulu amenewo kusiyana kwa ziphunzitso zawo akukudziwa kuposa ife, koma pa wodwala anagwirizana. Ife a pa WhatsApp ndiye tapambana nzeru?

Ndagona. Ikani dzina langa pa K10,000.

Make Tadala:
Zikomo anamwino, mugone bwino.

Agogo aChisale (9:15 m'mawa):
Ana anga, ndalemba mochedwa chifukwa zala zanga pa foni iyi zimayenda ngati nkhono, ndipo mdzukulu amene amandilembera wapita kusukulu.

Ine zamakanizi zinanditopetsa pa maliro a mlamu wanga zaka zapitazo. Malemuwo anakulira mumpingo wina, koma atadwala anayamba kupita ku mapemphero a mpingo wina kumene ana awo amapita. Atamwalira, mipingo yonse iwiri inafika pasiwa. Awa akuti nkhosa ndi yathu, kalata yake ya ubatizo nayi. Awa akuti pamene ankadwala munali kuti, tinkamusambitsa ndife. Usiku makwaya awiri anakhala uku ndi uku, awa akayamba nyimbo awa n'kuyamba ina mokweza, kuti amize anzawo. Kutacha, adzukulu anatumiza uthenga kuti kumanda zatheka cha m'ma 10 koloko. Ife tili kuseri kwa nyumba pa mabenchi, kukambirana kuti alalike ndani. Nsima inaphikidwa, inazizira, inachita chikhokho m'mabeseni. Bokosi lili m'nyumba, kunja kukutentha, mwezi wa Okutobala. Mapeto ake ndi amfumu amene anaimirira n'kunena kuti mukapanda kugwirizana pofika 2 koloko tikaika chopanda mwambo. Mlongo wanga, namfedwa, anakhala pamphasa tsiku lonse osalawa kanthu, ndipo palibe wa mbali zonse ziwirizo anapita kukamufunsa ngati wamwa madzi. Mpaka lero salowa m'tchalitchi china chilichonse. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Koma ndaonaponso zabwino. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi awo, yodzudzula mmene dziko linkayendera. Inali nthawi yoopsa, mawu otere munthu ankasowa nawo. Mipingo ina ikanatha kunena kuti izo n'za Aroma, ziwaonekere. Koma ambiri anaima nawo, chaka chomwecho kunabadwa bungwe la zipembedzo la PAC, mmene munalowa ngakhale Asilamu, ndipo pa 14 Juni 1993 tinakaponya voti ya riferendamu. Ufulu umene mukutukwanirana nawo pafoniwu unabwera choncho.

Ngakhale Baibulo limene mukulasana nalo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yake anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch imene inayambira ku Mvera, koma anagwira ndi a mishoni zina komanso makolo athu amene ankadziwa chinenero. Buku Loyera la 1998 analimasulira limodzi Akatolika ndi mipingo ina. Lero wina akuti ili ndiye lenileni, ilo n'lachinyengo. Hmm.

Sindikunena kuti mipingo siyambana. Nkhani ya malire pakati pa masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia tonse tinaimva, anthu a CCAP imodzi.

aBanda, msungichuma:
Agogo, chonde ya malireyo isiyeni pomwepo, tingafike mauthenga 400.

Agogo aChisale:
Ndaisiya mwana wanga. Ndimafuna ndingoonetsa kuti nthendayi ilibe mpingo.

Nangozo wa ku Mchesi:
Popeza tayamba kutchula za ndalama, ine ndili ndi funso, ndipo musanditenge ngati wamakani. Mwezi watha tinasonkha za chipepeso cha maliro a ku Area 23 aja. Sitinamve kuti zinakwana zingati ndipo zinafika zingati. Tisanasonkhenso, tingamveko?

Mlaliki wa ku 36:
Mwaona? Tangonena kumene kuti tisiye mikangano, wina wayambitsa ina. Chemwali, zinthu za Mulungu zimafuna kukhulupirirana.

Nangozo wa ku Mchesi:
Ndiye kufunsa ndalama yanga yomwe ndi tchimo?

Make Tadala:
Ayi alaliki, pamenepo sindikugwirizana nanu. Funso la Nangozo ndi la ntchito imene tinakumanira pano. Kupewa makani si kuphimba zinthu. Mawu akuti "tisakangane, ndife Akhristu" ndi amene anthu ena amabisalamo akadya za amasiye, tonse taziona m'makomiti.

Aphunzitsi a ku Biwi:
Machitidwe 6. Akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo akuiwalidwa pa kagawidwe ka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti khalani chete mukusokoneza mpingo. Anaitanitsa msonkhano, anthu anasankha amuna 7, Stefano ndi Filipo ali momwemo, kuti ayang'anire ntchitoyo. Dandaulo limenelo linathera pa amasiye kudya. La dzulo lija lathera pa anthu awiri kutuluka pagulu. Ine ndimasiyanitsira pamenepo. Ndipo Paulo ponyamula chopereka cha osauka a ku Yerusalemu sankayenda yekha, pa 2 Akorinto 8 akunena kuti ankapewa kuti wina angawanenere zoipa pa kayendetsedwe ka mphatsoyo.

aBanda, msungichuma:
Nangozo sanalakwe, wolakwa ndine, ndinayenera kupereka lipoti. Zinasonkhedwa K86,000 kuchokera kwa anthu 19. Kwa anamfedwa tinapereka K70,000 pamaso pa amfumu ndipo inalengezedwa. K9,000 tinagula nkhuni ndi kabichi. K3,000 inapita pochotsa ndalama kwa ejenti ndi pa kabaza. K4,000 yotsala ili ndi ine. Chithunzi cha tsamba la m'kope ndatumiza, onani pamwambapa. Pepani pochedwa, mwana anali m'chipatala.

Nangozo wa ku Mchesi:
Zikomo aBanda, zamveka. Mwanayo ali bwanji? Ine K5,000, nditumiza pa Airtel Money ndikaweruka.

aBanda, msungichuma:
Watuluka, akupezako bwino. A Mpamba inunso nambala ndi yomwe ija.

Mlaliki wa ku 36:
Chabwino, ndabweza mawu anga. Koma ndifunseko, agogowo amapemphera kuti? Chifukwa mwina mpingo wawo ndi umene ukuyenera kuyamba, ife tingowonjezera.

Wakabaza:
Abusa, ine ndimawanyamula agogowa popita kukalandira mankhwala a shuga, sindinawafunsepo. Chomwe ndikudziwa n'choti mwana wawo wamkazi anamwalira, anawasiyira ana awiriwo, ndipo amagulitsa mtedza wokazinga pa siteji yathu. Tsiku lina ndinagwa ndi njinga pa matope, ndi iwo anandimanga bondo ndi kansalu kawo. Iwonso sanandifunse mpingo.

Mlaliki wa ku 36:
Sindimatanthauza kuti tisawathandize.

Make Tadala:
Tamva alaliki. Mukapita kukawaona mukawafunse nokha, ali ndi makutu. Koma mitambo ya lero mukuiona.

aPhiri amisiri (12:30 masana):
Ndapitako pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinene monga mmisiri tsopano. Khomalo silinagwe chifukwa cha mvula yokha. Nyumbayo ilibe maziko a njerwa zootcha, zidina zinayambira pansi penipeni, ndipo madzi ochokera pa malata a nyumba yoyandikana nayo amagwera m'tsinde mwa khomalo. Denga lakenso n'lalifupi, silitchinga khoma. Tikangoumba zidina zina n'kuimika, chaka chamawa tidzasonkhanso. Komanso zidina sizingaume nyengo ino.

Chofunika: njerwa zootcha pafupifupi 600, matumba atatu a simenti oti timangire mizere ya pansi ndi kupaka kunja, kumwambako tikhoza kumangira dothi. Mchenga mawilibala angapo. Phaso limodzi lathyoka, lina lafumbwa ndi chiswe, pafunika mapulanga awiri ndi misomali ya malata kilo imodzi. Malatawo ndawaona, ndikhoza kuwawongola, osagula ena. Ndiponso pakumbidwe ngalande kuseriko kuti madzi azilowera kumsewu. Khoma la kumpoto nalonso lachita mng'alu, ndalichirikiza ndi mtengo, ana asamagone pafupi nalo.

Ntchito ya manja anga simulipira. Ndibwera ndi anyamata anga awiri.

Make Tadala:
Ambuye akudalitseni aPhiri. Ndiye tinene Loweruka m'mawa, anthu ambiri sapita kuntchito.

aPhiri amisiri:
Mayi, Loweruka?

Nangozo wa ku Mchesi:
Hahaha tabwerera pomwe paja!

aPhiri amisiri:
Ine Lamulungu ndili mfulu tsiku lonse, kuyambira 6 koloko.

Mlaliki wa ku 36:
Lamulungu ine ndili pa guwa mpaka 1 koloko. Ndipo Ambuye Yesu anachiritsa pa Sabata, anafunsanso kuti ng'ombe ikagwera m'chitsime...

Aphunzitsi a ku Biwi:
Alaliki, imani kaye. Vesi limenelo likudulani inu nomwe, chifukwa aPhiri akhoza kukufunsani kuti bwanji osasiya guwa Lamulungu n'kudzaponda dothi. Aroma 14 vesi 5 akuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amayesa masiku onse ofanana, aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake. Kusiyana kwathuku kwatipatsa masiku awiri ogwira ntchito m'malo mwa limodzi. Loweruka ife a Lamulungu titute njerwa ndi mchenga, tichotse zidina zakugwazo, tikumbe maziko ndi ngalande. Lamulungu m'mawa aPhiri ndi anzawo apeze zonse zili pamalo, amange. Ife tikaweruka ku tchalitchi tidzawapeza ndi chakudya.

aPhiri amisiri:
Zimenezo zitheka. Lachisanu masana dzuwa lisanalowe ndidzayeza ndi kukhoma zikhomo, kuti okumba asadzakhotetse. Kuya kwake mpaka m'bondo, osachepera. Ndipo chakudyacho chonde...

Make Tadala:
Tikudziwa bambo, nyemba ndi nkhwani wotendera. Nkhumba siyandikira.

Agogo aChisale:
Ine mphamvu zotuta njerwa ndilibe, koma kuseri kwanga kuli njerwa zootcha zinatsala pomanga mpanda, zingakwane 200 kapena kuposerapo. Zamera ndere koma n'zolimba. Bwerani ndi wilibala.

Wakabaza:
Simenti ndinyamula ine pa njinga, thumba limodzilimodzi. Koma kuyambira lero mpaka Lamulungu agona bwanji? Usiku wapitawu mphepo inkalowa ngati ali panja.

Nangozo wa ku Mchesi:
Ndili ndi tenti yabuluu ija timafunditsira makala, ilibe chibowo. Achimwene a kabaza mudzaitenge 5 koloko. Ufa ndani ali nawo?

Make Tadala:
Ufa wa mgaiwa ndowa yaing'ono ndipereka ine. Ana awiriwo azigona kwathu mpaka khoma litaima, agogo akana kusiya nyumba, akuti akuba angadzazule malata.

Tsono pali anthu awiri anatuluka dzulo aja. Mmodzi anatuluka atatchedwa mwana wa Babulo. Ine kuwabwezera pagulu ndingathe, ndi kungodina, koma si ine ndinawalankhula.

aPhiri amisiri:
Mawu amenewo ndinalemba ndine. Ndinapsa mtima atanena kuti mpingo wathu ndi wa anthu osokonekera mitu. Komabe ndinalakwa. Sindiwalembera pafoni, ndikudziwa pamene amakhoma zidebe, ndidutsa ndikamachoka kuntchito. Mateyu 18 akuti upite wekha kaye.

Koma aphunzitsi, nkhani ya Aroma 14 ija sitinathane. Pamenepo Paulo sankanena za Sabata la lamulo lachinayi. Ndikutumizirani mavesi kumbali.

Aphunzitsi a ku Biwi:
Tumizani bambo, ndiwerenga ndipo ndiyankha, bola kumbali. Kapena tidzakambirane Lamulungu, inu muli pamwamba pa khoma ine ndikukuponyerani njerwa.

Mlaliki wa ku 36:
Ikani K7,000 pa dzina langa. Loweruka ndibwera ndi achinyamata anayi ndi makasu. Wachiwiri anatuluka uja ndi wa kwathu, ndilankhula naye.

aBanda, msungichuma (6:05 madzulo):
Pofika pano malonjezo ndi K61,000, kuphatikiza K4,000 yotsala ija. Zimene zalowadi ndi K38,000. Mayina ndi ndalama ndizilemba pano madzulo aliwonse mpaka Lachisanu, Nangozo aziona nawo kope. Mawa ndikafunsa mtengo wa simenti m'mahadiweya awiri atatu, chifukwa masiku ano mtengo wa dzulo si wa lero. Njerwa 400 zikusowabe.

Wakabaza:
Tenti tamanga, ine ndi anzanga awiri a pa siteji, taipsinja ndi miyala. Kwayamba kuwaza. Agogo akufunsa kuti anthu a Loweruka adzakhala angati, akuti akazingiretu mtedza. Ndiwauze angati? Komanso wilibala palibe wanena kuti ali nayo.